Ufa wa Nkhosa za Khola Lofiira

9 Malichi

Okondedwa amayi a ana anga,

Landirani moni m'dzina la Ambuye amene akutisunga tonse, inu uko ine kuno. Muli bwanji pamodzi ndi ana? Nanga mwendo wa amayi, kutupa kuja kunaphwa? Ine ndili bwino, kungoti chimfine chinandigwira sabata yatha, koma chapita chokha.

Musadabwe kuona keyala yasintha. Ntchito yomanga ija inatha mwadzidzidzi, za mmene inathera ndidzakuuzani pamaso. Mulungu sanandisiye. Tsopano ndili pa famu yonenepetsa nkhosa. Amagula ana a nkhosa ongoleka kuyamwa, nthiti zili pamtunda, n'kuwatsekera m'makola miyezi itatu akungodya. Kubusa sapita. Chakudya timasakaniza tokha m'shedi: chimanga chogaya, madeya, soya ndi udzu wouma woduladula. Nkhosa zonse pano ndi pafupifupi zikwi ziwiri, ndipo zikayamba kulira m'mawa simungamve mnzanu akukuitanani.

Mwini famu ndi mayi wamasiye, timangowatchula kuti Adona. Salankhula zambiri. Wolankhula ndi kapitawo, ndipo chilichonse chopita kwa Adona chimayamba chadzera kwa iye. Chipinda ndikukhala ndi mdala wina amene amasenda nkhosa zikafa, aliyense amangoti a Zikopa. Amamwa, koma sabisa mawu. Tsiku loyamba anandipeza nditagwada ndikupemphera, anati, "Abusa, mukafika pa ameni munditsekulireko zenera." Basi, dzina langa pano ndi Abusa.

Lachiwiri kunabwera munthu wina pa galimoto yoyera, tayi pakhosi, nsapato zonyezimira pakati pa ndowe. Anzanga amutcha a Tayi. Akugulitsa ufa wothira m'chakudya, akuti nkhosa zimanenepa msanga ndipo sizidwaladwala. Adona anati sagula chinthu asanachione, ayese kaye. Tinapatula nkhosa makumi asanu ndi atatu zofanana msinkhu, n'kuzigawa pawiri. Zina tinaziveka ndolo zofiira, zina zobiriwira. Ndi timanambala ta pulasitiki ta m'makutu, koma ife timati ndolo. Zofiira zizidya ufawo, kachitini kamodzi m'mawa uliwonse. Zobiriwira zizidya chamasiku onse. Loweruka lililonse zonse zizikwera pa sikelo. Khola lofiira andipatsa ine, chifukwa kapitawo anamva kuti ndinafika ku sekondale, ndingathe kuchonga khadi osasokoneza masiku.

Chimodzi chokha sichinandikhale bwino. Matumba a ufawo ndi oyera mbee, opanda dzina, opanda chilembo. Ngakhale thumba la mchere limakhala ndi dzina. Nditafunsa, a Tayi anaseka maso ali pa foni, anati, "Bwanji, nkhosa zako zimawerenga?" Mwina ndi mtima wanga wokayikakayika uja mumaudziwa.

Ndatumiza kangachepe pa foni. Muyambe ndi nsapato za wachisamba, zotsalazo mugule malata a pakhonde paja pakudontha. Sopo kuno ndi wodula koopsa, ndikuchapa kamodzi pa sabata. Mbuzi yaikazi ija musagulitse, alamu anene zotani.

Ndine mwamuna wanu,
bambo a ana.

30 Malichi

Okondedwa amayi a ana,

Kalata yanu inandipeza ndili wamoyo, ndipo ndathokoza Mulungu kuti nonse muli bwino kupatula chifuwa cha wamng'ono. Muzimuveka juzi m'mawa ngakhale akane. Mwadandaula kuti pa foni ndimayankha mwachidule. Makoma a chipinda chathu ndi a malata, munthu akatsokomola mbali inayo umachita kumuuza kuti pepani. N'chifukwa chake ndimalemba.

Mwati alamu akufuna ndiwatumizire ufa uja kuti ayese pa mbuzi zawo. Ndani anawauza za ufa? Ine ndinalembera inu, osati anthu onse a kumeneko. Muwauze kuti ndakana, ndipo chifukwa chake ndi ichi.

Masiku khumi ndi awiri apitawo thumba lina linakodwa pa msomali n'kung'ambika. Ndinaona kuti si thumba limodzi, ndi awiri, lina mkati mwa linzake. Lamkatilo lili ndi chithunzi cha ng'ombe yamkaka, dzina analifuta ndi utoto wakuda. Ndinalipinda n'kukawaonetsa a Zikopa. Analiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati:

"Abusa, ng'ombe ndi nkhosa si pachibale. Mchere wa ng'ombe amathiramo mkuwa wambiri. Ng'ombe imanyambita n'kumapita. Nkhosa imasunga m'chiwindi. Inenepa bwinobwino, mwezi, miyezi iwiri, inu n'kumaomba m'manja. Tsiku lina mungoipeza maso achikasu, mkodzo ngati tiyi wopanda mkaka. Pa famu ina ndinasenda makumi atatu sabata imodzi."

Koma anali atalawa. Ndipo ndi munthu yemweyu amene anandiuza kuti anakwerapo ndege atanyamula nkhumba pamiyendo. Ku sukulu tinaphunzirako za zakudya za ziweto, koma za mkuwazi sindikukumbuka, mwina ndi masiku amene anandithamangitsa chifukwa cha yunifomu.

Ndinapita nalo thumbalo kwa kapitawo. Anati, "Iwe unalembedwa ntchito yothira ufa kapena yofufuza matumba? Munthu akaika katundu wake m'thumba lakale walakwa? Pageti paja tsiku lililonse pamaima anthu khumi ofuna malo akowo." Anandilanda thumbalo n'kulilowetsa m'jekete. Masana omwewo ndinamuona m'galimoto ya a Tayi, magalasi atatseka, dzuwa likuswa mtengo. Amakambirana chiyani chofuna kutseka magalasi? Sindikunena kuti pali kanthu. Ndikungonena zimene maso anga anaona.

Nkhosa zanga ndazizolowera. Pali ina ya khutu lopindika imene imandiluma ovololo ndikawerama. Ndikamathira ufa m'chakudya, iyo ndi imene imayamba kufika.

Pali chimene ndayamba kuchita. Lero sindilemba, dzanja likukana. Muzingondipempherera.

Malata aja musapatse mmisiri wa chaka chatha, anatibera misomali. Wachisamba asamapite yekha kuchigayo.

Wanu nthawi zonse,
bambo a ana.

20 Epulo

Amayi a ana,

Moni wa chikondi. Ndakondwa kumva kuti amayi ayamba kuponda pansi, ndiponso kuti chifuwa chamuleka wamng'ono. Ine thupi lili bwino. Mtima ndiye ayi.

Mwandifunsa kawiri kuti ndikubisa chiyani, mpaka mwayamba kuganiza za mkazi. Si mkazi. Kalata ino muwerengere kuchipinda, mukatha muiike pansi penipeni pa sutikesi.

Ufa uja sindikuzipatsa nkhosa. Ndinasiya tsiku limene kapitawo anandilanda thumba. M'mawa uliwonse ndimatunga kachitini aliyense akuona, n'kunyamula ndowa. Ndikafika kuseri kwa shedi, kumene kuli thirakitala yakufa, ndimakhuthulira mu mgolo wakale n'kuvundikira ndi lata. Kenako ndimabwera kudzachonga khadi kuti nkhosa zadya. Bodza limodzi pa tsiku, lolemba ndi dzanja langa, pansi pake n'kusaina. Ndawerenga, afika makumi atatu ndi atatu.

Poyamba ndinkadziuza kuti ndi chifundo. Kenako mantha anabwera. Ndinaganiza kuti zofiira zikapanda kuposa zobiriwira pa sikelo, adzafunsa kuti ufa ukupita kuti, ndipo woyamba kufunsidwa ndine. Ndiye ndinayamba kuzisamala mopitirira. Momwera ndimatsuka kawiri pa tsiku, pamene mnzanga wa khola lobiriwira amatsuka fungo likamukumbutsa. Udzu ndimasankha wopanda nkhungu. Pali zisanu ndi imodzi zamantha zimene zinzake zimazikankha pa modyera, zimenezo ndimazipatula kuti zidye zokha kaye. Ina ikayamba kutsegula m'mimba ndimaiona tsiku lomwelo. Chakudya sindiwonjezera ngakhale dzanja limodzi. Pamenepo pokha ndilibe mlandu.

Mwina mufunsa kuti bwanji osapita kwa Adona. Ndipite ndi chiyani? Thumba anandilanda. Mboni yanga ndi mdala woledzera. Ndine mlendo wa miyezi iwiri, kapitawo wakhala pano zaka khumi ndi zinayi. Ndinangoti ndidikire, miyezi itatu ithe, a Tayi apite ndi ufa wawo, nkhani ife yokha.

Lamlungu kutchalitchi kunali mgonero. Anzanga anapita kutsogolo, ine ndinakhala pa benchi ngati ndikumanga chingwe cha nsapato. Tandiuzeni inu, poti mumamvetsera ulaliki kuposa ine: munthu akanama kuti chamoyo chisafe, ndi tchimo lathunthu kapena theka? Ndipo ngati a Zikopa ananama, ndiye kuti ndikungotaya katundu wa eni ake popanda chifukwa. Kumeneko dzina lake ndi kuba.

Za sukulu ya wachisamba ndatumiza kwa aphunzitsi aakulu eni ake, osadzera kwa alamu. Musawauze alamu kuti ndatero, angakhumudwe. Nkhuku zikayamba chitopa kwa aneba, zathu muzitsekere.

Ine wanu wolemedwa,
bambo a ana.

11 Meyi

Okondedwa,

Ndikhulupirira muli bwino monga munalembera. Ine ndikudya, ndikugwira ntchito, koma lamba ndaboola bowo lina.

Zimene ndinkaopa sizinachitike. Zachitika zoposa pamenepo. Dzulo pa sikelo zofiira zinaposa zobiriwira ndi makilogalamu pafupifupi atatu iliyonse. Kukhola lobiriwira zafa ziwiri ndi kutsegula m'mimba, kwanga sikunafe ngakhale imodzi. A Tayi anavina pakati pa ndowe. Anandinyamulitsa ya khutu lopindika ija, poti ndi imene yanenepa kwambiri, n'kundijambula. Anati, "Mwetulirani, Abusa, chithunzi chimenechi chikhala pa matumba. Si paja munkadandaula kuti alibe chilembo?" Ndinamwetulira. Mulungu andikhululukire, ndinamwetulira.

Adona analowa okha m'khola, anagwira nkhosa pamsana imodzi imodzi, anasuzumira m'momwera. Potuluka anandiyang'ana n'kunena kuti, "Manja ako ndi abwino." Mawu anayi aja akundiwawa kuposa chipongwe chonse cha kapitawo.

Tsopano imvani china. Ufa wa mu mgolo ukuchepa. Poyamba ndinkati ukungotsendereka. Ndiye ndinakanda chizindikiro ndi msomali mkati mwake. Patapita masiku anayi, ine ndikuthirabe m'mawa uliwonse, ufa unali pansi pa chizindikiro ndi zala zitatu. Lata ndimavundikira mbali yadzimbiri pansi, Lachitatu ndinapeza yadzimbiri ili pamwamba. Pali munthu amene akudziwa. Akutapa kuti akaonetse ndani? Akudikira chiyani?

Aliyense ndikumuona ndi diso lina. Mnzanga wa khola lobiriwira akandipatsa moni ndimaganiza kuti akundiseka. Mlonda akayang'ana ndowa yanga ndimafulumira kudutsa. Ndiulule ichinso: a Zikopa atapita kukasenda, ndinafufuza m'katundu wawo, mpaka pansi pa matiresi. Ndinapeza mabotolo ndi chithunzi cha mwana wamkazi wovala yunifomu. Madzulo anangoti, "Abusa, ngati mumafuna kabotolo bwenzi mutangopempha. Matiresi anga ndimayala mutu kukhomo." Ndinapepesa. Anati, "Palibe kanthu. Koma za mgolo wanu ine sindikudziwa."

Amayi a ana, ine sindinatchule mgolo.

Mwati yankho la funso langa lija mufunse abusa a kumeneko. Chonde ayi. Akazi awo ndi a msonkhano umodzi ndi akazi a alamu. Mbuzi ikabereka mundiuze ngati ndi ana awiri, ndipo wamng'ono asamaiyandikire masiku oyamba, imagunda.

Ndine wanu,
bambo a ana.

1 Juni

Amayi a ana anga,

Moni nonse. Ndamva za ana a mbuzi awiri, Ambuye alemekezeke. Ine ndilipo. Nkhani ndili nazo ziwiri, ndipo sindikudziwa kuti yabwino ndi iti.

Lachisanu Adona anandiitanitsa ku ofesi. Anati mayeso atha, aona okha, aitanitsa ufa wokwanira famu yonse. Lole ibwera pa 19. Anati akufuna ine ndiziyang'anira kusakaniza chakudya cha makola onse, andipatsa kiyi wa shedi ndi nyumba ya zipinda ziwiri pafupi ndi thanki ya madzi. Anafunsa ngati ndili ndi banja. Anati sukulu ili pafupi, mutha kubwera. Zaka zinayi ndakhala ndikupempherera mawu amenewa. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene za mgolo. Kapitawo anali ataima pakhomo akutokosa m'mano. Chimene chinatuluka n'chakuti, "Zikomo, Adona."

Yachiwiri ndi ya lero m'mawa. Ndisanapite kutchalitchi ndinazungulira kuseri kwa shedi, ndipo ndinapeza munthu atawerama mu mgolo, chidebe pambali. Anali kapitawo. Sanadzidzimuke n'komwe.

"Mwadzuka bwanji, Abusa?"

"Ndadzuka, kaya inu akapitawo."

"Ufa wabwinobwino mukutaya. Ine ndili ndi nkhosa zanga zisanu ndi ziwiri kuseri kwa nyumba. Zitini ziwiri pa tsiku. Mubwere mudzaone, zikulephera kudutsa pakhomo."

Ndinafunsa kuti anadziwa liti. Anati sabata yachiwiri, anangotsatira ufa umene unkatayikira m'njira, ndipo a Zikopa anamuonapo akutapa. Ndinafunsa chifukwa chake sanandinenere.

"Ndikanene kuti ufa waulere uthe? Tamverani. Inu simunandione, ine sindinakuoneni. Ufa ukugwira ntchito, umboni uli kwanga. Ndiye Adona anamizidwa pati? Landirani kiyi, itanani akazi anu, musiye kuyenda ngati mwaba nkhuku."

Nditaweruka kutchalitchi ndinapita kukaziona. Sananame. Nkhosa zonenepa, ubweya wosalala, zikudya mwamphamvu. Ndinaziyang'ana m'maso imodzi imodzi, oyera bwinobwino. Zadya ufawo miyezi iwiri, kuwirikiza muyezo, ndipo zilibe kanthu.

Ndiye mwina ndinalakwa kuyambira pachiyambi. Mwina ndinamvera mowa wa a Zikopa, ndinakayikira a Tayi chifukwa cha tayi basi. Ngati ndi choncho, tchimo langa ndi la bodza la pa khadi lokha, ndipo limenelo ndingalape kwa Mulungu popanda kusokoneza anthu. Mwaona mmene ndikudzilankhulira? Sindikudziwa ngati ndi mtendere kapena ndi nyumba ya zipinda ziwiri ija ikulankhula.

Muyambe kuganiza za ulendo, koma anawo musawauze kaye. Mufunse mwakachetechete kuti kalata yosamutsira mwana sukulu imatenga masiku angati.

Wanu,
bambo a ana.

15 Juni

Okondedwa amayi a ana,

Moni. Kalata yanu ndawerenga katatu. Ndaona kuti anawo munawauza, ndipo wamng'ono wamanga kale zidole zake m'kathumba. Sindikukudzudzulani. Mwalembanso kuti zimene ndinachita ndinachita, ndikhale chete, ana akufuna bambo wa pantchito. Pamenepanso sindikukudzudzulani. Munalemba musanadziwe izi.

Lachinayi agalu anathamangitsa nkhosa za kapitawo. Sanalume ngakhale imodzi. Lachisanu m'mawa ziwiri zinakana kudya, zinangoima mutu pansi. Pofika masana zinali zitagona. Dzulo zafa zitatu. Kapitawo anaitana a Zikopa mobisa kuti akasende kuseri kwa nyumba yake, ndipo a Zikopa anadzera kukhola kwanga, mpeni m'manja. Anati, "Abusa, tabwerani mudzamve ulaliki wanga."

Anali asanalawe ngakhale dontho. Anatsegula chikope cha yoyamba, diso lachikasu ngati chikasu cha dzira lophika. Mafuta a m'mimba achikasu. Chiwindi chotuwa, chofumbutuka ukachigwira. Impso zakuda bii ngati makala onyowa. Pansi pamene inagona panali mkodzo wofiirira. Sananene kuti ndinakuuzani. Anangopukuta mpeni pa udzu n'kuyamba yachiwiri.

Kapitawo anati zadya chomera chakupha. Ndinati nkhosa zotsekera zikachipeza kuti chomera. Anandikokera pambali, anandigwira ovololo pachifuwa.

"Tamvera iwe. Pa khadi pali saini ya ndani? Yanga ilipo? Ukatsegula pakamwa, wakuba ufa ndiwe, wabodza ndiwe. Ine nkhosa ndilibe, sindinakhalepo nazo."

Lero zina ziwiri maso ayamba kusintha.

Lole ibwera Lachinayi. Nkhosa zikwi ziwiri, ndipo wothira ufa m'chakudya chawo ndidzakhala ine, ndi kiyi m'thumba. Zidzanenepa, Adona adzandiyamikira, inu mudzafika, tidzayala mphasa m'zipinda ziwiri zija. Mwezi wachiwiri kapena wachitatu a Zikopa adzasowa pomwe angayanike zikopa. Ndikhoza kuyambanso mgolo wina, koma mgolo wotani wolowa lole yathunthu?

Ndikanena, ntchito yatha. Ndikapanda kunena, ntchito ithabe, koma mochedwa, pamodzi ndi famu ya mayi wamasiye. Ndawerengera mbali zonse ngati samu, ndipo yankho likutuluka limodzimodzi, kungoti sindikulifuna.

Kalata ya kusukulu ija musatenge kaye. Bedi musagulitse. Alamu akafunsa za ulendo muwauze kuti tikudikira.

Mundipempherere Lachinayi m'mawa.

Bambo a ana.

6 Julayi

Okondedwa amayi a ana anga,

Moni m'dzina la Ambuye. Pepani kuti foni yanga inali yotseka masiku onsewa, ndinkasowa poyambira. Ndili moyo, ndili bwino. Keyala yasinthanso. Ndikugona kwa m'bale wina wa mumpingo, pa mphasa pabalaza, ndipo masana ndikutsitsa katundu pamsika. Mapewa akupweteka, koma chakudya chikulowa.

Lole inafika m'mawa. Asanamasule zingwe ndinakweza mgolo uja pa wilibala, makadi onse pamwamba, n'kukankha mpaka pakhomo pa ofesi. Adona anali pomwepo ndi a Tayi ndi kapitawo. Ndinanena zonse, kuyambira thumba la chithunzi cha ng'ombe. Sindinadumphe kanthu.

Adona sanakweze mawu. Anafunsa kuti, "Ndiye miyezi itatu yonseyi ndakhala ndikuyeza chiyani?"

Ndinati, "Madzi oyera ndi udzu wabwino, Adona."

A Tayi anayamba kukalipa kuti ndawaonongera dzina, anditengera kukhoti. Kapitawo anati ndapenga ndi mapemphero, iye nkhosa alibe. Apo a Zikopa analankhula ali kumbuyo, atatsamira mpanda: "Nanga zikopa zisanu zili pa waya kwanuko n'za agalu?"

Adona anatunga ufa m'kachitini, anati akapereka kwa dokotala wa ziweto kuti akauyeze, ndipo lole ibwerere mmene yabwerera. Kenako anatembenukira kwa ine. Anati, "Ukanabwera kwa ine tsiku la thumba lija, ukanangogogoda pakhomo apa. Ine ndimaluma? Munthu amene wandisainira bodza masiku makumi asanu ndi awiri sindingamusungitse kiyi wa shedi." Anandilipira masiku anga onse, osadula kanthu, anati ndichoke tsiku lomwelo.

Ndinafuna kukwiya, koma ananena zoona. Ndinakayikira a Tayi, kapitawo, mlonda, a Zikopa, alamu, ngakhale inu. Adona ndinawakayikiranso osawayesa n'komwe, ndipo pamenepo ndi pamene ndinagwera. Za kapitawo sindikudziwa, pochoka ndinamusiya ali mu ofesi chitseko chotseka. Zotsatira za kwa dokotala sindinamve, ndipo palibe amene adzandiuze.

Nditaima pamsewu ndi chikwama changa, lole ija inatuluka pageti n'kuima. Dalaivala anati kutsogolo kuli katundu, ngati ndikufuna ndikwere pamwamba pa matumba. Ndisanakwere ndinamufunsa ngati akubwerera nawo kumene anawatenga. Anaseka. Anati a Tayi aimba kale foni, akukatsitsa pa famu ina ya nkhosa kutsidya kwa mtsinje. Ndinamuuza zimene ufawo umachita. Anati, "Achimwene, ine ndimangoyendetsa. Mukwera kapena simukwera?"

Ndinakwera. Tili m'njira ndinapisa dzanja m'thumba la ovololo, ndinapeza choko chofiira chimene timalembera pamsana pa nkhosa zikatsika pa sikelo. Ndinayamba kulemba pa thumba lililonse, zilembo zikuluzikulu: ZA NG'OMBE, MUSAPATSE NKHOSA. Lole ikudumpha, ine chogwada, dzanja lina pa chingwe. Ndinatsikira pamphambano, dalaivala sanayang'ane kumbuyo. Choko chija n'cha Adona, ndikudziwa. Kachidutswa kotsala ndakatumiza kwa a Zikopa kuti akabweze.

Anawo ndiwalembera ndekha kalata yawo, musavutike kuwafotokozera. Wamng'ono amasule kathumba kake. Mwezi uno ndituma zochepa, mwana wa mbuzi mmodzi akakula pang'ono mutha kugulitsa. Ngati mwandikwiyira, lembani momwemo, ndiwerenga.

Matumba anali zana limodzi ndi makumi awiri. Ndinalemba makumi anayi ndi limodzi. Apansiwo sindinawafikire.

Ndine mwamuna wanu,
bambo a ana.